Kamera yopanda viewfinder: ndigule kapena ndiisiye?

Wowerenga wina wa ku Mangochi, bambo wa zaka 47, walemba kuti: "Ndimajambula zithunzi pa zinkhoswe ndi maukwati kumapeto kwa sabata, ndipo kwaya ya kumpingo kwathu ikufuna kuti ndiziijambula mavidiyo. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg wandipezera makamera awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, Sony ZV-E10 ndi Sony a6400. Yoyambayo ndi yotsika mtengo koma ilibe viewfinder, kazenera kaja koikapo diso. Mwana wanga akuti kazenerako ndi kachikale, chifukwa masiku ano aliyense amajambula akuyang'ana pa sikirini ngati pa foni. Kodi ndikagula yopanda viewfinder nditaya chiyani, nanga ndipindula chiyani?"

Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha funso lanu. Mwana wanu ali ndi mfundo, pakuti viewfinder siiwonjezera kanthu pa chithunzi chimene kamera imasunga. Makamera awiri mwatchulawa ali ndi sensa (kachipangizo ka m'kati kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi) ya kukula kofanana, ya mtundu wa APS-C yokhala ndi mamegapikiseli 24, amalandira malenzi amodzimodzi a Sony E, ndiponso amagwiritsa ntchito batire limodzimodzi lotchedwa NP-FW50. Mutawakhazika pamalo amodzi, n'kuikapo lenzi imodzi, n'kujambula mkwatibwi yemweyo, palibe kasitomala amene angaloze kuti chithunzi chakuti chachokera mu kamera yakuti. Chimene viewfinder imasintha ndi malo ndi nthawi zimene inuyo mungathe kuona bwino chimene mukujambula. Pa ntchito imene mwafotokozayi, ngati kamera imeneyi idzakhale yokhayo imene muli nayo, ndikukulangizani kuti mutenge a6400, ndipo zifukwa zanga zazikulu ndi dzuwa la ku Mangochi, malenzi aatali ndi msinkhu wa maso anu. Komabe ZV-E10 ili ndi zabwino zake zenizeni, zimene muyenera kuzidziwa musanawayankhe alamu anu.

Kujambula munthu akuyang'ana pa galasi lalikulu m'malo moika diso pa kazenera sikunabwere ndi mafoni. Makamera akuluakulu amatabwa a m'zaka za m'ma 1800 anali ndi galasi kumbuyo, pamene chithunzi chinkaonekera chozondoka, ndipo wojambula ankadzifunditsa nsalu yakuda kumutu kuti kuwala kwa panja kusafafanize chithunzicho. Rolleiflex, imene inatuluka ku Germany mu 1929, inkagwiridwa cha pamimba, wojambula akuyang'ana pansi pa galasi lotchingidwa ndi timalata m'mbali zonse. Casio QV-10 ya mu 1995 ndiyo inabweretsa sikirini ya LCD pa kamera ya digito ya anthu wamba, ndipo inalibe viewfinder. Pambuyo pake Olympus PEN E-P1 ya mu 2009 ndi Sony NEX-5 ya mu 2010 zinaonetsa kuti anthu ambiri angathe kugula kamera yosinthika malenzi ngakhale ilibe kazenerako, ndipo lero tili ndi ZV-E10 ya mu 2021, Nikon Z30 ya mu 2022, Fujifilm X-M5 ndi Panasonic Lumix S9 za mu 2024. Tsono onani kuti akale aja, amene ankadalira galasi, ankalitchinga ndi nsalu kapena timalata, chifukwa ankalimbana ndi vuto lomwelo limene inu mudzakumane nalo.

Otsatsa malonda amayamba ndi kutchula kupepuka, koma manambala ake ndi ochepa. ZV-E10 imalemera magalamu 343 pamodzi ndi batire ndi khadi, pamene a6400 imalemera magalamu 403. Kwa Nikon, Z30 imalemera magalamu 405 ndipo Z50, imene ili ndi viewfinder, imalemera 450. Magalamu 60 kapena 45 simungawamve mukamangirira lenzi ya zoom ndi fulashi pamwamba. Kumene kuchepa kuli ndi tanthauzo ndi pa kamera ngati Ricoh GR III ya mu 2019, yolemera magalamu 257, imene lenzi yake imalowa m'kati moti kamera yonse imakwana m'thumba ngakhale ili ndi sensa ya APS-C. Wogula kamera yotere amafuna kuti azikhala nayo paliponse, ndipo amalolera kutaya viewfinder kuti apeze zimenezo, koma kamera ya ukwati imakhala pakhosi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Za ndalama ndiye nkhani ina. Pamene inkatuluka ku America, ZV-E10 yopanda lenzi inkagulitsidwa pafupifupi madola 700, pamene a6400 inatuluka pa mtengo wa pafupifupi madola 900, ndipo ngati kusiyana kotere kulipobe pa mitengo imene alamu anu apeza, kungathe kukuthandizani kugula lenzi yachiwiri. Lenzi yabwino imasintha maonekedwe a chithunzi, chinthu chimene viewfinder singachite, ndipo imeneyi ndiyo mfundo yolimba koposa kumbali ya mwana wanu.

Anthu amayamikiranso sikirini chifukwa imamasula kamera kuchoka pankhope. Pa perekaniperekani, anthu akaunjikana kutsogolo kwa akwati, mungathe kukweza kamera pamwamba pa mitu yawo, sikirini itapendekera pansi, n'kujambula ndalama zikuponyedwa, kapena kuitsitsa kufika pa msinkhu wa tiana tonyamula maluwa popanda kugwada m'fumbi. Mumakhudza nkhope ya munthu pa sikirini ndipo fokasi imapita pomwepo. Nkhope yanunso imakhala poyera, zimene zimathandiza kwambiri pojambula ana amanyazi kapena agogo amene amauma thupi akaona munthu wabisala kuseri kwa kamera. Mumangocheza nawo, akaseka inu n'kudina. Maso anu amaonanso zochitika m'mbali, monga mayi ake a mkwatibwi akupukuta misozi kapena munthu amene akufuna kudutsa patsogolo panu. Zonsezi ndi zoona, koma a6400 nayonso ili ndi sikirini yopendekera ndiponso yokhudza. Kamera ya viewfinder ili ndi njira ziwiri zoonera pamene inzakeyo ili ndi imodzi, choncho zabwino za sikirini sitingaziwerengere kamera yopanda viewfinder ngati phindu lake yokha. Phindu lake lenileni ndi mtengo wotsikawo pamodzi ndi zimene opanga anaikamo m'malo mwa chimene anachotsacho.

Mu ZV-E10 anaikamo zinthu za vidiyo, ndipo akanati asankhe ndi a kwaya, akanaloza imeneyi. Sikirini yake imatsegukira kumbali n'kutembenuka kuyang'ana kutsogolo, pamene ya a6400 imakwera pamwamba, moti mukaika maikolofoni pamwamba pa kamera imatchinga sikiriniyo. Ili ndi bowo la mahedifoni, limene a6400 ilibe, ndipo kwa munthu wojambula nyimbo limeneli ndi lofunika zedi, chifukwa mawu akamasweka kapena waya ukamasokosera muyenera kumva nthawi yomweyo, oimba asanabalalike. Maikolofoni ake a m'kati ndi abwinopo ndipo amabwera ndi kaubweya kotchinga mphepo. Mukailumikiza ndi kompyuta pa USB-C imagwira ntchito ngati kamera youlutsira mapemphero pa Facebook kapena YouTube popanda chipangizo china pakati. Komanso pojambula vidiyo kamera nthawi zambiri imakhala pa tripod (choimikira cha miyendo itatu) kapena pa gimbal (chogwirira choletsa kugwedezeka), pamene palibe amene amaikapo diso, ndipo n'chifukwa chake Sony FX3 ya mu 2021 ndi FX30 ya mu 2022, makamera odula opangidwira ojambula mafilimu, nawonso alibe viewfinder. Mukanakhala kuti ntchito yanu yaikulu ndi mavidiyo a m'tchalitchi, yankho langa likanatembenuka.

Za batire ambiri amaziganiza mozondoka. Viewfinder yamagetsi, imene amaitcha EVF, ndi kasikirini kakang'ono kokhala kuseri kwa magalasi okuza, ndipo nthawi zambiri imadya moto wochuluka kuposa sikirini yakumbuyo. Pa muyeso wa CIPA, bungwe la opanga makamera la ku Japan, a6400 imajambula zithunzi 410 pa batire limodzi mukamagwiritsa ntchito sikirini, ndi 360 mukamagwiritsa ntchito viewfinder, pamene ZV-E10 imafika 440. Imene imasungadi moto ndi viewfinder ya magalasi okhaokha ya makamera okhala ndi kalilole m'kati otchedwa DSLR, monga Nikon D3500 ya mu 2018, imene pa muyeso womwewo imafika zithunzi 1,550. Pakati pa makamera anu awiriwa kusiyana ndi kochepa, ndipo iliyonse imene mungatenge, musapite ku ukwati ndi mabatire ochepera atatu.

Tsopano tibwere ku dzuwa, kumene kwagona nkhani. Sikirini imaoneka chifukwa cha kuwala kumene imatulutsa yokha, ndipo kuwala kumeneko kumalimbana ndi kuwala kogwera pa galasi lake komanso kumene kwazungulira maso anu. M'chipinda choyatsidwa bwino kuwala kumakhala pakati pa ma lux 300 ndi 500 (lux ndi muyeso wa kuwala), pamene masana opanda mitambo kumafika cha m'ma lux 100,000, kutanthauza kuwirikiza ka 200 kapena kuposerapo. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa equator, choncho dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, ndipo ku Mangochi ulendo umodzi umagwa cha kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, nthawi imene maukwati amachuluka mvula isanayambe. Akwati akatuluka m'tchalitchi cha m'ma 11 koloko n'kupempha kuti mukawajambule kunyanja, mchenga ndi madzi zimabweza kuwala kuchokera pansi, mboni za maso anu zimafinyika, ndipo pa sikirini mumangoona zithunzithunzi za anthu zitasakanikirana ndi chithunzi cha nkhope yanu ndi malaya anu. Mungathe kudziwa kuti onse ali m'kati mwa chithunzi, koma simungaone kuti mkwatibwi waphethira, kuti kabokosi ka fokasi kathawira pa mtengo wakumbuyo, kapena kuti mzere wa nyanja wapendekera. Viewfinder imathetsa zimenezi monga mmene nsalu yakuda ija inkachitira, potsekera diso ndi chithunzi mumdima umodzi.

Choopsa kuposa kusaona ndi kunamizidwa. Padzuwa sikirini imaoneka yakuda, wojambula n'kuganiza kuti chithunzi chada, n'kuwonjezera kuwala. Akafika pa kompyuta amapeza kuti diresi loyera lapserera, maluwa onse a nsalu ya lesi afafanizika, ndipo pamene papsererapo palibe pulogalamu imene ingabweze ulusi umene sensa sinausunge. Usiku m'holo zinthu zimatembenuka, chifukwa sikirini imaoneka yowala kwambiri mumdima ndipo wojambula amabwerera kunyumba ndi zithunzi zakuda zimene amaziyesa zabwino. Ukwati wa kwathu kuno ndi wovuta pa nkhani imeneyi chifukwa m'chithunzi chimodzi mumakhala diresi loyera, suti yakuda ndi nkhope za anthu akuda zimene ziyenera kuoneka bwino, ndipo danga la pakati pa kupsereza diresi ndi kudetsa nkhope ndi lochepa kwambiri. Mankhwala ake ndi kuleka kudalira maso okha n'kuzolowera kuwerenga histogram, kajambula kamene kamaonetsa mmene mdima ndi kuwala zagawikira m'chithunzi, komanso kuyatsa zebra, timizere tija timene timagwedezeka pamalo amene ayamba kupserera. Makamera onse awiriwa ali nazo zida zimenezi, ndipo kujambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene sensa yalandira, kumakupatsani mpata wokonza pang'ono pambuyo pake. Koma histogram nayonso imafunika kuoneka kuti iwerengedwe, ndipo mu viewfinder imaoneka chimodzimodzi kaya ndi masana kaya ndi usiku.

Njira zochepetsera vuto la dzuwa zilipo, ndipo ojambula ambiri amapeza mkate wawo ndi makamera opanda viewfinder pozigwiritsa ntchito. Pa makamera a Sony pali pamene mungasankhe Sunny Weather kuti sikirini iwale mokwanira, ngakhale kutero kumamaliza batire msanga n'kufafaniza kaphindu kaja ka zithunzi 440. Chipewa cha mlomo waukulu, malaya akuda amene sawonekera pa galasi, ndi mnyamata wokugwirirani ambulera zimathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Pali tizitchinjirizo topinda tomangirira pa sikirini, ndiponso magalasi okuza monga HoodLoupe ya Hoodman, amene amaphimba sikirini yonse n'kuisandutsa ngati viewfinder yaikulu. Ojambula vidiyo amalumikiza sikirini yapadera yowala kwambiri kudzera pa HDMI, koma imeneyo imafuna batire lake, waya wake ndi pomangirira pake. Mukawerengera zonsezi mudzaona kuti ndalama zimene munasunga zikutha ndipo kamera imene munaigula chifukwa chopepuka yasanduka katundu. Samalaninso ndi magalasi adzuwa a mtundu wa polarized, chifukwa amatha kudetsa sikirini ya LCD mpaka bii mukaitembenuza kamera mbali ina, ndipo munthu angayese kuti kamera yazima.

Chachiwiri ndi kugwedezeka. Mukaika diso pa viewfinder, kamera imatsamira pamalo atatu, manja awiri ndi chipumi, ndipo zigongono zimakhala zitapanikiza nthiti. Mukamayang'ana pa sikirini mumakakamizika kuitalikitsa kuti muone, ndipo zimakhala ngati kunyamula beseni lodzaza madzi manja atatambasuka m'malo molifungatira pachifuwa. Lamulo lakale la ojambula limati liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, lisachepere pa 1 kugawa ndi kutalika kwa lenzi, ndipo pa sensa ya APS-C kutalikako mumayamba mwakuchulukitsa ndi 1.5. Ndiye kuti lenzi ya 50mm imafuna 1/80 ya sekondi, pamene lenzi yofala ya Sony ya 55-210mm, mukaikoka mpaka kumapeto, imakhala ngati ya 315mm ndipo imafuna 1/320. Lamulo limeneli linapangidwa poganizira munthu amene watsamiza kamera pankhope, choncho wotambasula manja ayenera kuwonjezerapo liwiro, zimene m'tchalitchi cha mdima zimatanthauza kukweza ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ndi kulandira timadontho tosokoneza chithunzi. Dziwaninso kuti ZV-E10 ndi a6400 zonse zilibe makina oletsa kugwedezeka pa sensa; mumadalira malenzi olembedwa OSS, amene ali ndi makina otere m'kati mwake, monga 16-50mm, 55-210mm, kapena 35mm ndi 50mm f/1.8 a Sony E. Malenzi okondedwa a Sigma a 30mm ndi 56mm f/1.4 alibe makina amenewo, ndipo pamenepo chipumi chanu ndicho chimagwira ntchitoyo. Wopanda viewfinder angathe kudzithandiza pokoka lamba wa kamera mpaka akungike pakhosi, n'kutsamiza zigongono pamimba, ndipo njira imeneyi ndi yothandizadi.

Lenzi yaitali ili ndi vuto linanso losiyana ndi kugwedezeka, ndilo kupeza ndi kutsatira chinthu choyenda. Diso likakhala pa viewfinder, mutu, lenzi ndi chinthu chimene mukuchifuna zimakhala pa mzere umodzi, moti kumene mwatembenukira ndi kumene lenzi yaloza. Pa sikirini, maso amayang'ana pansi pamene lenzi yaloza kwina, ndipo pa 210mm kagawo kamene kamera ikuona ndi kakang'ono kwambiri, kotero kuti munthu akasuntha pang'ono mumamutaya n'kuyamba kumusakasaka. Pa ukwati izi mudzazimva pamene operekeza akulowa akuvina inu muli kutsogolo kwa holo, ndipo mudzazimva kwambiri tsiku limene mudzafune kujambula mpira kapena nkhwazi ikutola nsomba pa Shire ku Liwonde. N'chifukwa chake ojambula masewera ndi mbalame, ngakhale achinyamata amene anakula ndi mafoni, amakakamirabe viewfinder.

Chachitatu ndi chimene mwana wanu sangachidziwe chifukwa sichinamufike. Munthu akadutsa zaka 40, galasi la m'diso limayamba kuuma ndipo diso limalephera kuona bwino zinthu zapafupi; madokotala a maso amati presbyopia, ndipo zimachitikira aliyense. Ngati mwayamba kutalikitsa foni kapena buku la nyimbo kuti muwerenge, zafika kale. Sikirini ya kamera imagwiridwa pa mtunda wa masentimita 25 mpaka 40 kuchokera kumaso, pamalo penipeni pamene diso lotere limavutikira, ndipo mukavala magalasi owerengera mumaona sikirini koma akwati amene ali patali sawoneka bwino, moti mumakhalira kuvula ndi kuvala. Magalasi a mu viewfinder amachititsa kuti chithunzi chioneke ngati chili pa mtunda wa pafupifupi mita imodzi, ndipo pambali pake pali kagudumu ka diopter kamene mumakazungulitsa mpaka zilembo zioneke bwino kwa diso lanu. Pa a6400 kagudumu kameneka kamayenda kuchokera pa -4.0 kufika pa +3.0, zimene zimakwanira anthu ambiri a msinkhu wanu popanda magalasi owerengera. Vutoli limapitirira kukula kwa zaka zingapo, choncho kamera imene lero mukuti mupirira nayo, pakutha pa zaka zisanu idzakutopetsani kwambiri. Kunena mosakondera, amene amavala magalasi nthawi zonse nawo amadandaula kuti saona ngodya zonse za viewfinder chifukwa diso limakhala patali ndi kazenera, ndipo ena a iwo amakonda sikirini pa chifukwa chimenechi.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa timadontho. Sikirini ya ZV-E10 ndi ya mainchi 3 ndipo ili ndi timadontho 921,600, koma popeza timadontho titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndito timapanga pikiseli imodzi, mukuona mapikiseli 307,200 okha a chithunzi cha mapikiseli 24 miliyoni. Viewfinder ya a6400 ili ndi timadontho pafupifupi 2.36 miliyoni, ndiwo mapikiseli 786,432, ndipo chifukwa cha magalasi okuza imadzaza diso. Pa kasikirini kakang'ono pafupifupi chithunzi chilichonse chimaoneka chakuthwa, ndipo n'chifukwa chake ojambula amazindikira mochedwa kuti fokasi inagwera pa maluwa a m'manja m'malo mwa maso. Makamera onse awiriwa amatha kutsatira diso la munthu okha, ndipo zimenezi zachepetsa vutoli kwambiri, koma pa chithunzi cha gulu la achibale 30 kamera sidziwa kuti diso lofunika ndi la ndani.

Mumdima sikirini imasanduka nyali. Pa mapemphero a usiku, pa siwa kapena pa sewero la m'holo yozimitsidwa magetsi, kuwala kwake kumasokoneza okhala kumbuyo kwanu ndipo kumakulozani kwa aliyense, pamene wa viewfinder angathe kuzimitsa sikirini n'kumagwira ntchito mosaonekera. Ganiziraninso za tsiku la ngozi. Sikirini yotembenuka ili ndi kawaya kopyapyala kodutsa pa mfundo yake, ndipo ndiyo mbali ya kamera imene imakhala pangozi ikagwa kapena ikagundidwa ndi wovina. Ikasweka pa ZV-E10 kamera yachita khungu mpaka mutapeza wokonza ndi sikirini ina, zimene kwathu kuno zingatanthauze kudikira katundu wochokera kunja, pamene pa a6400 mungathe kumaliza ukwati wonse ndi viewfinder yokha, chifukwa ndandanda ya zosankha ndi zithunzi zojambulidwa zimaonekanso m'menemo.

Chimene ndimalangiza aliyense ndi kufufuza zinanso zimene zinachotsedwa pamodzi ndi viewfinder, chifukwa kawirikawiri siichoka yokha. ZV-E10 ilibe fulashi yakeyake ndiponso ilibe gudumu lapamwamba losankhira njira zojambulira za P, A, S ndi M, pamene a6400 ili nazo zonse ziwiri, ndipo thupi lake linapangidwa kuti lizilimbana ndi fumbi ndi chinyezi, chinthu chosapeputsa m'mwezi wa Okutobala. Nikon Z30 ilibe fulashi imene Z50 ili nayo. ZV-E10 II ya mu 2024 ndi Lumix S9 zilibe shutter ya makina, zimene zimabweretsa mizere pa chithunzi pansi pa magetsi ena a LED komanso kupindika kwa zinthu zothamanga, ndipo pa S9 pamwamba pake simungalumikizepo fulashi n'komwe. Canon EOS M200 ilibe ngakhale pomangirira fulashi yakunja. Makamera amenewa si oipa, koma anapangidwira munthu wodzijambula vidiyo kapena woyenda ulendo, ndipo kusowa kwa viewfinder ndi chizindikiro chooneka msanga cha cholinga chimenecho.

Mwina mungaganize zodzagula viewfinder yapadera mtsogolo. Makamera ena amalola zimenezo, monga Canon EOS M6 Mark II imene imalandira EVF-DC2, kapena Sigma fp L imene ili ndi EVF-11, koma pa Canon imeneyi kachipangizoko kamakhala pamalo pomwe mukanaika fulashi kapena maikolofoni, choncho mumasankha chimodzi. Ricoh imagulitsa tima viewfinder ta magalasi okhaokha ta makamera a GR, timene timaonetsa malire a chithunzi mongoyerekeza, osaonetsa fokasi kapena kuwala, ndipo pa zinthu zapafupi timaphonya pang'ono chifukwa tili pamwamba pa lenzi. ZV-E10 ilibe viewfinder yamagetsi yopangidwira iyo, choncho mmene mwaigulira ndi mmene idzakhalire.

Pali kanthu kenanso kamene sikakhudza luso koma kamakhudza thumba. Makasitomala ena amayesa wojambula poona chimene wanyamula, ndipo munthu wotambasula manja ndi kakamera kakang'ono amaoneka ngati mlendo wamba wojambula ndi foni, moti ngakhale achibale samupatsa njira pa nthawi yodula keke. Ine sindigwirizana nako kaganizidwe kameneka, ndipo a6400 nayo si yaikulu, koma munthu akakweza kamera kufika pa diso anthu amadziwa kuti ali pa ntchito ndipo amapatuka.

Musanatsimikize, yesani izi popanda kulipira kanthu. Tengani foni yanu masana dzuwa likuswa mtengo, pitani pamchenga opanda magalasi owerengera, muimike munthu pa mtunda wa mamita asanu, ndipo muone ngati pa sikirini mungadziwe kuti maso ake ndi otsegula. Kumbukirani kuti mafoni ambiri atsopano ali ndi sikirini yaikulu ndi yowala kuposa ya makamera amenewa, choncho ngati mwavutika pa foni, pa ZV-E10 mudzavutika koposa. Ngati mwaona bwinobwino, ndipo mukawerengera mukupeza kuti ntchito yanu yambiri ikupita ku mavidiyo a m'nyumba, tengani ZV-E10 ndipo ndalama zotsalazo mugulire lenzi ya OSS ndi fulashi yakunja. Ngati ndi a6400, zofooka zake pa vidiyo zili ndi mankhwala otsika mtengo: mawu a kwaya muziwajambula padera ndi kachipangizo ngati Zoom H1n, kamene kali ndi bowo la mahedifoni, kapena muziwatenga kuchokera pa mixer ya tchalitchi, ndipo pali kachitsulo kosunthira maikolofoni kumbali kuti isatchinge sikirini.

Popeza kamerayo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, apempheni alamu anu kuti asuzumire mu viewfinder ataloza khoma loyera, aone ngati mulibe madontho achikasu kapena akuda osasuntha. Magalasi a kazenerako amasonkhanitsa kuwala, ndipo kamera ikasiyidwa kazenera katayang'ana dzuwa, kasikirini ka m'kati kamatha kupsa osachiranso; inunso mukaigula muzikumbukira zimenezi poikoleka paphewa masana. Ayesenso ngati chithunzi chimasamukira mu viewfinder chokha akayandikitsa diso n'kubwerera pa sikirini akalichotsa, ngati kagudumu ka diopter kakuzungulira bwino, ndiponso ngati kalabala kotchinga m'mbali mwa diso kalipo, chifukwa pa makamera amenewa kamakonda kugwa n'kusowa. Pomaliza afunse kuchuluka kwa zithunzi zimene shutter yajambula kale, ndipo akutumizireni chithunzi chimodzi cha thambo chojambulidwa pa f/16, bowo la lenzi litachepetsedwa, kuti muone ngati pa sensa pali fumbi kapena zokalika.